Funsani za Mano: Mwana wa Nsagwada Yopapatiza

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo angapo akufunsa za vuto limodzi, la ana amene nsagwada yawo ya m'mwamba ndi yopapatiza. Tasankhapo asanu.

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 8. Akamatseka pakamwa chibwano chimakhotera kumanzere, ndipo amatafunira mbali imodzi yomweyo. Kuchipatala cha pa boma anandiuza kuti nsagwada yake ya m'mwamba ndi yopapatiza, ndipite naye ku Lilongwe. Apongozi anga akuti ndisataye ndalama, mano onse akadzamera zidzawongoka zokha. Ndimvere ndani?" Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu

Mayi, pitani naye. Apongozi anu sakulankhula zopanda mutu, poti zina za m'kamwa mwa mwana zimakonzekadi zokha, monga mano akutsogolo amene amamera motalikirana kenako n'kudzayandikana. Koma vuto la mwana wanu silili m'gulu limenelo.

Mukhoza kuliona nokha pakhomo. Mano a m'mwamba amayenera kuphimba a m'munsi pang'ono kuzungulira konse, monga mmene chivundikiro chimakhalira pa mphika. Khazikani mwanayo panja powala, alume mano akumbuyo, inu mukokere tsaya lake pambali ndi chala chosamba bwino. Ngati mano otafunira a m'mwamba agwera m'kati mwa a m'munsi, ndiye kuti chivundikiro chachepa, chalowa mumphika. Madokotala a mano amati crossbite. Kenako yang'anani mzere wa pakati pa mano awiri akutsogolo a m'mwamba, ndi wa pakati pa a m'munsi. Akayasamula pang'ono mizere iwiriyo imalunjikana. Muuzeni atseke pang'onopang'ono, ndipo mano akangokhudzana muona chibwano chikutsetserekera kumanzere. Nthawi zambiri chimene chikuchitika n'chakuti nsagwada ya m'mwamba yachepa mbali zonse ziwiri, mano akukumana nsonga ndi nsonga, ndiye mwana amasunthira chibwano mbali imodzi kuti apeze poluma. Akakula zaka zambiri akuluma chotero, minofu ndi nsagwada ya m'munsi zimazolowera kukhotako, ndipo nkhope ingathe kukula mopendekeka.

Zimene apongozi anu akunena zinayesedwapo. Ku Malmö m'dziko la Sweden, Sofia Petrén ndi Lars Bondemark anatenga ana 60 a vuto ili, a msinkhu umene mano a ubwana akusakanikirana ndi achikulu, n'kuwagawa mwamaere m'magulu anayi a ana 15. Kugawa mwamaere n'kofunika, chifukwa dokotala akamasankha yekha, mosazindikira amaika ana osavuta m'gulu la chipangizo chimene amachikonda. Gulu loyamba analiika waya womatiridwa m'kamwa wotchedwa quad-helix. Lachiwiri analipatsa kambale kapulasitiki kovala ndi kuvula, kokhala ndi kabawuti pakati. Lachitatu anangolimata mankhwala olimba pamwamba pa mano a m'munsi, ndipo lachinayi anangoliyang'anira osachita kanthu. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2008. Patatha chaka, ana a waya womatiridwa anachita bwino koposa onse ndiponso mwachangu. Kambale kovula kanalephera kwa mwana mmodzi mwa atatu alionse, makamaka chifukwa ana sankakavala mokwanira. Kumata mano sikunathandize. Mwa ana amene anangosiyidwa, vutolo silinathe lokha.

Kafukufuku mmodzi sakwanira, n'chifukwa chake bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo wa padziko lonse, linaunika nkhaniyi mu 2021. Linapeza kafukufuku 31 wa mtundu wogawa mwamaerewu, wokhudza ana ndi achinyamata pafupifupi 1,410. Kwa ana a zaka 7 mpaka 11, waya uja ndi kambale zonse zimaposa kungosiya, koma waya ndiye amaposa kambale, ndipo ntchito yake imatha msanga ndi miyezi pafupifupi itatu. Ife timaona kuti kwa banja lokhala kutali ndi dokotala, zimenezi n'zolemera kwambiri. Kambale kakhoza kutayika pa bwalo la sukulu kapena kukhala m'thumba la yunifomu tsiku lonse, pamene waya womatiridwa amagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo dokotala amangowonjezera mphamvu yake pakapita masabata 4 mpaka 6.

Zaka 8 ndi nthawi yabwino kwambiri. Inu amayi mumadziwa za liwombo, kuti khanda limabadwa mafupa a mutu asanalumikizane ndipo amatsekeka akamakula. Kumwamba kwa m'kamwa nakonso ndi mafupa awiri, lakumanja ndi lakumanzere, okumana pa msoko woyenda pakati kuchokera kuseri kwa mano akutsogolo mpaka chakukhosi. Mwa mwana wa msinkhu wa wanuyo msokowo ukadali wofewa, moti mphamvu yochepa ya waya imautakasa. Chaka chilichonse chimene mwadikira, msokowo ukulimbirabe.

"Ndinaona pa foni kachipangizo kachitsulo kamene amaika m'kamwa mwa mwana, makolo n'kumapotokola ndi kiyi tsiku lililonse. Wofotokozayo ankati kamang'amba fupa. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 amuuza kuti aike kameneka. Kodi si nkhanza zimenezi?" Bambo wa ku Bembeke, Dedza

Bambo, mantha anuwo ndi omveka, ndipo madokotala enieniwo anayamba akana njirayi. Woyamba kuilemba anali Emerson Angell wa ku San Francisco mu 1860, amene anati watakasa nsagwada ya mtsikana ndi kabawuti m'masabata awiri. Anzake ambiri sanamukhulupirire, poti nthawiyo kunalibe X-ray yoti aonere msoko utatseguka. Njirayi inadzatchuka patapita zaka 100, Andrew Haas wa ku America atasindikiza zotsatira zake mu 1961. Fupa silithyoka ayi. Chimene chimatseguka ndi msoko wa pakati uja, ndipo thupi limadzaza mpatawo ndi fupa latsopano.

Mitundu yodziwika ndi iwiri. Mtundu wotchedwa Haas uli ndi timapilo tapulasitiki totsamira kumwamba kwa m'kamwa, pamene Hyrax ndi chitsulo chokhachokha chogwira mano. Kuunika kwa Cochrane kuja sikunapeze kusiyana kwenikweni pa zotsatira za ziwirizi mwa achinyamata a zaka 12 mpaka 16, koma Hyrax ndi wosavuta kutsuka.

Ntchito imayenda motere. Ulendo woyamba dokotala amapima, amajambula X-ray, ndipo dzino lililonse lobooka liyenera kumatidwa kaye. Amalowetsa timphira ting'onoting'ono pakati pa mano akumbuyo kuti patseguke kampata, timakhala masiku angapo mpaka sabata. Ulendo wachiwiri amayesa mphete zachitsulo pa mano akuluakulu otafunira, aja amamera mwana ali ndi zaka 6, n'kudinda mano onse ndi phala louma msanga kuti apeze chikombole. Mmisiri amawotcherera kabawuti ku mphetezo potsata chikombolecho. Ulendo wachitatu amamata chipangizocho ndi simenti ya mano, ndipo musachoke m'chipindamo musanapotokole kamodzi inuyo dokotala akuona.

Popotokola, mwana agone chagada, mutu utapendekera kumbuyo, wina akuunikireni ndi tochi ya foni. Kiyi ngati ndi kawaya kakafupi, mumangireni ulusi wolimba n'kuukulunga padzanja lanu, chifukwa kiyi wopulumuka amagwera kukhosi. Lowetsani kiyi m'kabowo kamene kakuoneka kutsogolo, alowe yense, ndipo kankhirani kumbuyo cha kukhosi mpaka kabowo kena katulukire kutsogolo. Potulutsa, kokerani kiyi pansi cha ku lilime, osamubwezera kutsogolo, apo ayi mwafafaniza zimene mwachitazo. Lembani m'kope tsiku ndi nthawi.

Kupotokola kamodzi kumatakasa 0.2 kapena 0.25 ya milimita, kutengera kabawuti. Dokotala akati kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku 14, ndiye kuti ndi maulendo 28, mamilimita pafupifupi 6 kapena 7. Musawonjezere pa nambala imene mwapatsidwa, ndipo mukaiwala tsiku musapotokole kanayi mawa lake. Dokotala amatakasa mopitirirako dala ndi mamilimita 2 kapena 3, chifukwa mbali ina ya kutakasukako si fupa koma mano kupendekera kunja, ndipo imeneyo imabwerera.

Za ululu tisakunamizeni, ulipo. Mwana amamva kukankha pa mano, pamphuno, nthawi zina mpaka m'munsi mwa maso, kwa mphindi zingapo. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2000 anapeza kuti ululu umakula pa maulendo 10 oyambirira kenako n'kumazilala, ndiponso kuti opotokola kawiri patsiku amaumva kwambiri kuposa opotokola kamodzi. Panado wa mlingo wa msinkhu wake amathandiza masiku oyambawo, ndipo ululu ukanyanya pemphani dokotala akuloleni kupotokola kamodzi patsiku.

Pakatha masiku angapo muona kampata pakati pa mano awiri akutsogolo, ndipo kazikula. Kameneko ndiko kakuuzani kuti msoko watseguka. Kamatsekeka kokha m'masabata angapo mukasiya kupotokola, chifukwa timinyewa tolumikiza mano awiriwo timawakokera pamodzi. Kupotokola kukatha, dokotala amamanga kabawuti kuti kasabwerere, ndipo chipangizo chimakhala m'kamwa miyezi 3 mpaka 6 fupa latsopano likukhwima. Apa m'pamene mabanja ambiri amagwa mphwayi, poona kuti mano awongoka kale. Mukachichotsa msanga, nsagwada imabwerera kumene inachokera, ngati nyumba yochotsedwa mzati dothi lisanaume.

"Mwana wanga anamuika kale chipangizo cha kiyi. Dzulo kabowo sikanaoneke, ndipo m'kamwa mwayamba kununkha. Kuti ndifike kwa dokotala ndi ulendo wa tsiku lonse, nyengo ya mvula msewu wathu ndi wovuta." Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

Kabowo kamasowa pa zifukwa ziwiri, Mayi. Mwina katsekeka ndi chakudya, ndiye tsukani ndi mswachi n'kuunikanso. Mwinanso ulendo watha simunakankhe mpaka kumapeto, moti kabowo kakale kali pakati ndipo katsopano sikanatulukire. Funani kakaleko chakumbuyo, lowetsani kiyi mmenemo, malizani kukankha, katsopano kaoneka.

Fungo likuchokera ku nsima ndi ndiwo zotsakamira pakati pa chitsulo ndi nyama ya kumwamba kwa m'kamwa. Mswachi wokha sufikako. Pezani jakisoni watsopano wopanda singano ku famase, muzipopera madzi pamwamba pa chipangizocho akatha kudya, ndipo usiku achukuche ndi madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi. Atsuke mano kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira mano a fluoride, makamaka m'mphepete mwa mphete, chifukwa m'pamene mano amayambira kuwola. Nzimbe, chimanga chokazinga, chingamu ndi maswiti omata aziiwale kaye, zimagwedeza mphete. Mbatata ya kachewere yophika, phala, nthochi ndi nsima yofewa alibe nazo vuto. Malovu ochuluka ndi kulankhula ngati wavumata kanthu zimatha m'sabata imodzi kapena iwiri.

Pali zinayi zimene zikachitika musiye kupotokola ndipo muyende ulendowo ngakhale msewu uvute: mphete ikagwedera kapena chipangizo chikamasuka mbali imodzi, chitsulo kapena pulasitiki ikamira m'nyama n'kupanga chilonda, ululu ukamakula tsiku ndi tsiku m'malo mochepa, ndiponso mukapotokola sabata yathunthu popanda kampata kutsogolo. Chomalizachi chimatanthauza kuti mwina msoko wakana, ndipo mphamvu yonse ikukankhira mano kunja kwa fupa, zimene zimabweza nkhama ndi kudya mizu. Ndipo chonde, kampata kakutsogolo kaja wina asakuuzeni kuti mukamange ndi labala kuti katsekeke msanga. Labalayo amatsetsereka n'kulowa pansi pa nkhama osaoneka, amadya fupa mozungulira mizu, ndipo ana ena anataya mano awiri akutsogolo mwa njira imeneyi.

"Mdzukulu wanga ali ndi zaka 4. Amayamwa chala, amagona kukamwa kuli yasa, ndipo amaliza mkonono ngati munthu wamkulu. Mayi ake anawerenga kuti kutakasa nsagwada kumathetsa mkonono. Timuikitse chipangizocho panopa?" Agogo a ku Mayani, Dedza

Agogo, panopa ayi. Chipangizo cha kiyi chopotokola tsiku ndi tsiku sichiyenera mwana wa msinkhu umenewu, chifukwa mafupa a nkhope ndi ofewa kwambiri moti mphamvu yake ikhoza kusintha maonekedwe a mphuno. Pali zina zoti muyambe nazo.

Nsagwada ya m'mwamba imaumbidwa ndi lilime kuchokera m'kati ndi masaya kuchokera kunja. Mwana akatseka pakamwa n'kumapumira m'mphuno, lilime limakhala kumwamba n'kumachirikiza fupa. Chala chikalowa, lilime limatsikira pansi, masaya n'kumafinya poyamwa, ndipo nsagwada imapanikizika. Kupumira m'kamwa nakonso kumatsitsa lilime. Mwana akasiya kuyamwa chala mano achikulu asanamere, zambiri zimabwerera m'malo, choncho zaka 4 ndi nthawi yoti muyambe kumuletsa. Kumukalipira kapena kumupaka tsabola kumangomuwonjezera nkhawa imene imamuyamwitsa chalacho. Muyamikireni usiku uliwonse umene wagona osayamwa, ndipo pogona mumuveke sokosi yoyera kudzanja ngati chikumbutso, iye atavomera. Ngati kale chibwano chake chimakhota poluma, dokotala nthawi zina amangopala pang'ono nsonga za mano osongoka a ubwana amene akugundana.

Mkonono ndiwo ukutidetsa nkhawa kwambiri. Mvetserani usiku: ngati amabanika, kusiya kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka akupuma mwabefu, pitani naye kuchipatala akamuone kukhosi ndi m'mphuno. Mwa ana a msinkhu uwu chimene chimatseka njira ya mpweya kawirikawiri ndi tinyama ta kukhosi totchedwa ma tonsils ndi tinyama ta kuseri kwa mphuno totchedwa adenoids, kapena chimfine chosatha, chimene utsi wa m'khitchini ndi chisanu cha ku Dedza cha mu June ndi July zimachikulitsa. Musamugoneke pafupi ndi mbaula.

Zimene mayi ake anawerenga zili ndi choona chake. Kumwamba kwa m'kamwa ndi pansi pa mphuno ndi fupa limodzi, ndiye msoko ukatseguka mphuno nayonso imatakasuka pang'ono, ndipo ana ambiri amapuma bwinoko. Koma kafukufuku wambiri wonena kuti kutakasa kumachiza kubanika kutulo analibe gulu loyerekezera nalo la ana osathandizidwa. Kufunika kwa gulu limeneli kunaoneka bwino m'kafukufuku wa ku America wotchedwa CHAT, wa mu 2013, wa ana oposa 400 a zaka 5 mpaka 9 obanika kutulo. Mwa ochotsedwa ma tonsils ndi adenoids, 79 pa 100 alionse anapezeka bwino atawapima patatha miyezi 7, koma ngakhale mwa amene anangoyang'aniridwa, 46 pa 100 alionse anapezekanso bwino. Anawa akanakhala ndi chipangizo m'kamwa, chikanatamandidwa pa ntchito imene sichinagwire. Nsagwada itakasidwe ngati ndi yopapatizadi, ndipo mdzukuluyo mukamuonetse kwa dokotala wa mano akamakwanitsa zaka 7.

"Ndili ndi zaka 17, ndili Fomu 3. Mano anga a m'mwamba ndi opanikizana ndipo akumbuyo amalowa m'kati. Ndachedwa? Mnzanga akuti pali munthu m'tauni amene amaika mawaya a mano motsika mtengo." Mtsikana wa pa Ntcheu boma

Mwanawe, thandizo lilipo, koma njira yake si ya kiyi wamba uja. Birte Melsen wa ku Denmark anaonetsa mu 1975 kuti msoko wa pakati umayamba wowongoka mwa khanda, n'kumapindikapindika mpaka mbali ziwirizo zitalowana ngati zala za manja awiri opingasa. Mwa atsikana zimenezi zimachitika msanga kuposa mwa anyamata. Zaka zokha sizinena zonse, poti anthu amasiyana, ndipo mu 2013 Fernanda Angelieri ndi anzake anagawa kukhwima kwa msokowu m'magawo asanu, A mpaka E, poyang'ana zithunzi za sikani. Kwa ambiri a msinkhu wako msoko walimba. Kupapatiza kukakhala kochepa, mawaya a mano amakwanitsa popendekera mano kunja pang'ono. Kukakhala kwakukulu, pali chipangizo chokhomeredwa m'fupa ndi timabawuti ting'onoting'ono, chotchedwa MARPE, kapena opaleshoni yomasula fupa kaye.

Udziwenso kuti kutakasa sikuthetsa kupanikizana konse. Kafukufuku wa mu 1990 anapeza kuti milimita imodzi ya kutakasa imapereka malo a mano okwana 0.7 ya milimita, ndiye mamilimita 7 amapereka pafupifupi 5. Nsagwada ya m'munsi ilibe msoko woti n'kutsegula, unalumikizana uli khanda. Choncho dokotala akakuuza kuti dzino lina lichotsedwe, sikuti wasankha njira yachidule.

Za munthu wa m'tauniyo, usapiteko. Waya womata wopanda kupima amasuntha mano kumene akufuna, ndipo nkhama zikabwerera sizimeranso. Yambira ku chipinda cha mano cha chipatala cha boma pa Ntcheu pomwepo. Ogwira ntchito kumeneko, ambiri mwa iwo ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, akupima, akutsuka mano, akumata obooka, ndipo akulembera kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre. Madokotala oongola mano akadali ochepa kwambiri m'dziko muno, poti maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Aliyense amene akufuna kukuika waya, wa boma kapena wa pulayiveti, mufunse ngati analembetsa ku Medical Council of Malawi. Upite ndi makolo ako, ndipo musanayambe mufunse mtengo wa ntchito yonse mpaka kumapeto, maulendo angati, motalikirana bwanji, ndiponso amene adzakuone waya akamasuka iye kulibe. Mukawerengera ndalama muikeponso ya minibasi ya ulendo uliwonse, ndipo maulendo oyamba, amene amayandikana, muwaike pa holide ya sukulu.